Kali Kokha Sikanyowetsa

Mwambi woti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu ndinayamba kuumva ndisanadziwe n'komwe kuwerenga. Agogo anga aakazi ankaunena akandipeza nditazembera kuseri kwa nkhokwe ndi chimanga chootcha, kuthawa anzanga kuti angandipemphe. Ankauponyeranso amalume akayamba kuzengereza kupita kumaliro a mudzi wa patsidya. Koma kumene ndinadzakumana nawonso mosayembekezera n'kukalasi ya kemisitiri, masana ena a mu Okutobala, malata akulira ndi kutentha. Aphunzitsi anajambula pa bolodi kanthu konga mutu wa mbewa, bwalo limodzi lalikulu ndi timakutu tiwiri, nati amenewo ndiwo madzi: atomu imodzi ya okosijeni, maatomu awiri a haidrojeni, basi. Kenako anapukuta choko m'manja n'kufunsa kuti, "Kodi kamolekyu kamodzi aka kangakunyowetseni?"

Tonse tinangoti zii. Yankho lake n'lakuti ayi. Kali kokha sikanyowetsa, sikadontha, sikawira, sikaundana, sikathetsa ludzu ngakhale la nyerere. Zonse zimene timadziwira madzi zimabadwa timamolekyu tikakumana n'kuyamba kukokana. Dontho limodzi logwa pa tsindwi lili ndi timamolekyu tochuluka kuposa nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 21, ndipo kuti dontholo likhale lobulungira, likulendewera kumphepete kwa lata osafuna kugwa, n'chifukwa choti tonseto tikugwirana. Apa makolo analasa ndithu. Umadzi wa madzi, ngati umunthu wa munthu, umapezeka pakati pa iwe ndi mnzako.

Nanga chimatikoka n'chiyani? Amene anagonapo pamphasa imodzi ndi mkulu wake m'mwezi wa Juni amvetsa msanga. Bulangete ndi limodzi, la nonse awiri, koma pofika pakati pa usiku wamkulu uja walikokera kwake, iwe mwendo uli pamtunda. Mkati mwa kamolekyu ka madzi muli zomwezo. Okosijeni ndi haidrojeni amagawana maelekitironi, koma okosijeni ngwaumbombo, amawakokera mbali yake. Mbali ya okosijeniyo imatsala ndi kamphamvu ka magetsi ka negetivi, timakutu ta haidrojeni tija n'kutsala ndi ka pozitivi, monga mbali ziwiri za batire la tochi. Popeza kamolekyuko n'kopindika, pa madigiri pafupifupi 104.5, mbali ziwirizi sizifafanizana. Khutu lozizidwa la kamolekyu aka limafunafuna msana wofunda wa kamolekyu ako, ndipo kalikonse kangathe kugwirana ndi anzake anayi nthawi imodzi. Akatswiri amati kumeneku ndi kugwirana kwa haidrojeni. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ubwenzi wonsewu ukuchokera pa kusagawana bwino kwa m'nyumba. Bulangete likanagawidwa mwachilungamo, palibe akanatuluka kukafuna chifundo kwa aneba.

Kuti muone kuti kugwiranaku si nkhambakamwa, yerekezani madzi ndi mpweya wa methane, uja umatuluka m'ndowe zikamaola. Timamolekyu tawo n'tolemera pafupifupi mofanana, 18 kwa 16. Koma methane amagawana bulangete lake bwinobwino, alibe mbali yozizira, choncho sasamala kwenikweni za mnzake. Iye amawira pa madigiri 162 pansi pa ziro. Madzi amadikira mpaka 100. Kusiyana konseko ndi ntchito ya kugwirana. Pakanapanda iko, bwenzi kulibe nyanja, kulibe mvula, kulibe magazi; dziko lonse likanakhala nthunzi yokhayokha.

Mpaka pano mwambi ukuyenda mokhwimitsa khosi. Tiyeni tsopano tiutereke pamoto.

M'madzi muli maubale awiri, ndipo Chichewa chili ndi mawu ake onse awiri. Chimene chimamanga okosijeni ndi haidrojeni mkati mwa kamolekyu kamodzi ndicho chibale, chija amati ndi fupa, sichiola. Chimene chimakokanitsa kamolekyu ndi kanzake ndi chinansi, cha kupalana moto ndi kubwerekana mchere. Akatswiri atayesa anapeza kuti chibalecho n'cholimba kuposa chinansi maulendo oposa 20. Mukatereka mphika wa madzi a nsima, nkhuni zija zikulimbana ndi chinansi chokha. Timamolekyu timayamba kunjenjemera, kugundana, kupulumuka m'manja mwa anzawo, mpaka tina tiuluke. Koma kamene kauluka kaja sikanasweke. Kakadali okosijeni mmodzi ndi mahaidrojeni awiri, dzina lake lomwe lija, makutu ake omwe aja. Kali kokha, inde, koma kodi kasanduka kanyama? Ine ndikuona kuti pamenepa mwambi unalankhula mopsa mtima pang'ono. Munthu wokhala yekha m'chipinda cha lendi mumzinda wachilendo sanataye chilichonse cha mkati mwake. Chimene wasowa ndi womunyowetsa naye. Ikani chivundikiro chozizira pamwamba pa mphika muone: nthunzi ija ikumananso, madontho ayambanso kuyenderera.

Komabe chinansi chofookacho musachipeputse. Mayi aliyense amadziwa kuti madzi sachedwa kuwira koma amachedwa kuuma. Kutenthetsa lita imodzi kuchoka pozizira ngati ayezi mpaka kuwira kumadya moto wochepa. Kuti lita yomweyo ithere mu nthunzi pamafunika moto woposa pamenepo kasanu. Kugwedeza mudzi n'kosavuta. Kuumwaza wonse, munthu mmodzimmodzi, mpaka pabwalo patsale mphepo, nkhuni zake ndi mtolo wina.

Chachiwiri chimene mwambi sunatiuze n'chakuti awiriwo sakhalitsa. Tikamva zoti tili tiwiri n'tianthu, m'maganizo mumabwera chithunzi cha anthu awiri omwewo, dzulo, lero ndi mawa. M'kapu ya madzi mulibe zimenezo. Kugwirana kumodzi kwa haidrojeni kumatha pakangopita kachigawo kamodzi mwa magawo pafupifupi thiriliyoni a sekondi. Kamolekyu kagwira uyu, kamusiya, kagwira uyo, kamusiyanso, liwiro loti maganizo sangalitsate. Palibe amene amagwiritsitsa, komanso palibe amene amakhala nthawi yaitali manja ali lende. Ndiye chifukwa chake madzi amathirika, amalowa m'botolo lililonse, amazungulira mwala m'malo molimbana nawo. Zimandikumbutsa tsiku la msika. Mayi wogulitsa tomato akugwirizira malo mnzake wa usipa, wa usipa wasinthira ndalama mnyamata wa kabaza, wa kabaza wanyamulira gogo thumba mpaka pa siteji, ndipo dzuwa likamalowa ambiri mwa iwo sakudziwana ndi maina omwe. Palibe lumbiro limene linachitika. Koma msikawo ndi umodzi, ndipo sabata yamawa udzakhalaponso.

Mmodzi mwa anthu amene anaika kukokana kwa timamolekyu m'masamu anali Johannes Diderik van der Waals wa ku Netherlands, mwana wa kalipentala, wobadwira ku Leiden mu 1837. Anayamba ngati mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo njira ya ku yunivesite inamuvuta kwa zaka chifukwa sanaphunzire Chilatini ndi Chigiriki, zimene malamulo a nthawiyo ankafuna. Mu 1873, pamene akatswiri ena ankakayikabe ngati mamolekyu alikodi, iye analemba kuti lamulo lakale la mipweya linkalakwitsa zinthu ziwiri. Analikonza poikamo zilembo ziwiri. Chilembo a chinaimira kukokana: timamolekyu timafunana. Chilembo b chinaimira malo: kalikonse kali ndi thupi lake, ndipo kanzake sikangalowe pamenepo. Anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1910.

Ndimaganiza kuti mwambi wathu umadziwa a yekha. Za b sunena kanthu. Koma timamolekyu tomwe tija timakokana tikatalikirana pang'ono, tikayandikana mopyola timakankhana mwamphamvu zoopsa. Tsekani kukamwa kwa jakisoni wodzaza madzi ndi chala, mukankhe: sasuntha. Aliyense amene anakhalapo wachinayi pa mpando wa anthu atatu mu minibasi, kondakitala akukuwa kuti "tasunthani pang'ono, mayi, onse ndi anthu," amadziwa kuti pali mlingo wina pamene kuyandikana kumaleka kukhala umunthu. Chigongono chimayamba kulankhula chokha. Nyumba ya zipinda ziwiri imene mwadzaza alamu, adzukulu ndi msuweni wobwera kudzafuna ntchito imadziwanso chilembo chimenechi, ngakhale kuti mwini nyumba sangachitchule pagulu poopa kutchedwa wodzikonda. Madzi sachita nazo manyazi. Amakhala pa mtunda woyenera, osatalikira, osapanikizana, ndipo mtundawo ndi umene umawapanga madzi.

Pali ena m'chilengedwe amene mungati ndiwo akanyama enieni. Helium, mpweya uja amapopera m'mabaluni ouluka, salowa chibale ndi aliyense. Atomu yake ndi yokwana payokha, yobulungira, yopanda mbali yozizira. Koma mu 1908, mumzinda womwe uja wa Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anauziziritsa mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo unasanduka wamadzimadzi. Ndiye kuti nawonso umakokana, mwakachetechete. Chifukwa chake anadzachifotokoza Fritz London mu 1930, katswiri wa ku Germany amene dzina lake lokha ndilo likufanana ndi mzinda wa London. Maelekitironi sakhala phee. Pa kamphindi kena amapezeka atachulukira mbali imodzi ya atomu, mwangozi chabe, ndipo atomu yoyandikana nayo imamva, n'kusuntha ake moyankha. Kamphindi kotsatira zasintha, koma asinthira limodzi. N'kukokana kofooka kuposa kwina konse, ndipo kuli paliponse, pa chinthu chilichonse. Agogo akanamva izi akanawomba m'manja, amvekere, "Mwaona? Ngakhale mbeta ya mpweya imafuna anzake." Ine ndikanawayankha, mwaulemu, kuti inde, agogo, koma taonani kuzizira kumene kunafunika kuti ivomere.

Kukokana kofookaku kukachuluka kumachita zodabwitsa. Gasi wophikira, petulo, parafini, kandulo ndi phula la pamsewu onse ndi a mtundu umodzi, maunyolo a kaboni ndi haidrojeni. Chimawasiyanitsa kwambiri ndi kutalika kwa unyolo. Waufupi uli ndi pogwirana pochepa, umauluka, wotalikirapo umathirika, wautali zedi umauma n'kuimirira pa tebulo magetsi akazima.

Koma mphunzitsi wamkulu wa nkhaniyi amakhala m'nyumba mwathu momwe, pafupi ndi babu. Usiku wina ndinakhala ndikuyang'ana nalimata ali chadodolido kudenga, akudikira njenjete. Tili ana tinkati ali ndi ulimbo kumapazi, ena ankati amayamwa khoma. Zonsezi ayi. Kunsi kwa zala zake kuli timaubweya masauzande mazanamazana, ndipo kalikonse kamagawikanso kunsonga kukhala timanthambi mazana, tating'ono kwambiri moti timafika pafupi penipeni ndi mamolekyu a khomalo. Kellar Autumn ndi anzake, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 2000 ndi 2002, anaonetsa kuti chimene chimamugwiriza kwenikweni ndi kukokana kofooka komwe kuja kwa van der Waals. Kanthambi kamodzi mphamvu yake ndi yochepa zedi. Tonse pamodzi timanyamula nalimata yense ndi njenjete yake pakamwa. Chimene ndinaonetsetsa usiku umenewo, komabe, ndi mmene amachotsera phazi. Amapinda zala chammwamba, kuzimatula pang'onopang'ono kuyambira kunsonga, ngati munthu akuchotsa pulasitala. Ukanakhala ulimbo weniweni, bwenzi atafera pamalo pomwe anatera koyamba. Amathamanga chifukwa kugwira kwake n'kosavuta kumasula.

Nanga kugwirana kukakhala kosamasuka? Ndinaphunzira ndi botolo la galasi limene ndinalidzaza madzi mpaka pakhosi, kulitseka, n'kuliiwala mufiriji, m'chipinda chija choumitsa. M'mawa ndinapeza magalasi ali mbwee, pakati pataima chipilala cha ayezi chooneka ngati botolo lomwelo. Madzi akaundana, kusinthana manja kuja kumatha. Kamolekyu kalikonse kamagwira anzake anayi omwewo, osawasiya, manja atatambasula, m'mizere yokongola ya ngodya zisanu ndi imodzi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pokhulupirika chonchi timatalikirana kuposa mmene tinalili tikuvina. Ayezi amatupa ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, n'chifukwa chake amaswa botolo ndiponso amayandama. Ndikudziwa mabanja ena otero: aliyense ali pamalo pake, ulemu wonse ukuperekedwa, palibe wasiya mnzake, koma mukalowa m'nyumbamo mumamva kuzizira kumsana. Sindikufuna kuunyoza ayezi mopitirira. Kuyandama kwake n'kumene kumapulumutsa nsomba za m'nyanja za maiko ozizira, poti madzi amaundana pamwamba, pansi n'kukhalabe amadzi. Mwambo wouma nawo umafunditsa ena m'nyengo yoipa. Kungoti botolo lija silinabwererenso.

Tsopano mbali imene imandisowetsa mtendere. Thirani supuni ya mafuta ophikira m'beseni la madzi. Vundulani mmene mungathere. Pakapita kanthawi mafuta asonkhana okha pamwamba, ngati alendo pa ukwati wa eni ake. Timakonda kunena kuti madzi ndi mafuta amadana, koma akatswiri amati si chidani. Kamolekyu ka mafuta ndi ka madzi timakokana ndithu, pang'ono, mwa njira ya London ija. Vuto n'lakuti madzi amafunana okhaokha kwambiri, ndipo mafuta alibe khutu lozizira kapena msana wofunda woti alowe nawo m'gule. Kuti awapatse malo, madzi ayenera kudzipanikiza mozungulira mlendoyo, kuchepetsa kuvina kwawo. Ndiye amangomufinyira kunja, popanda mawu oipa, popanda wina woti mungamuloze chala. Tili tiwiri n'tianthu, nanga wachitatu uja waima pakhomo? Mtengwa wochokera chigawo china, mwana wosamukira pa sukulu pakati pa teremu, wogwira ntchito amene salankhula chilankhulo cha anzake pa tiyi, onsewa sanatukwanidwe ndi munthu. Anthu ankangokondana, iwo ali pompo. Kanyama kena sikabadwa kali kokha. Kamapangidwa ndi umodzi wa ena, ndipo mwambi umafika pambuyo pake kudzakaimba mlandu.

Mwayi wake kuli sopo. Kamolekyu ka sopo kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wautali wokonda mafuta. Michira imalowa m'dontho la mafuta, mitu n'kuyang'ana kunja, mpaka dontholo litazunguliridwa lonse ndipo madzi akulinyamula ngati mnzawo. Ndi unkhoswe weniweni: munthu wa mbali ziwiri, amene kuchimuna amamumva, kuchikazi amamumvanso. Ndipo monga nkhoswe zambiri, sopo ntchito ikatha amatayidwa kudzala limodzi ndi madzi otsukira mbale, osathokozedwa.

Pakhonde la agogo pankakhala mtsuko wadothi, wovundikiridwa ndi mbale yamalata, kunja kwake kuli chinyezi nthawi zonse. Madzi ake ankazizira ngakhale mu Novembala mvula isanagwe. Ndinkaganiza kuti dothi ndilo lozizira. Zoona zake n'zakuti madzi amadutsa m'timabowo ta dothilo n'kufika kunja, ndipo kumeneko timamolekyu tothamanga kwambiri, totentha kuposa tinzake, ndito timatha kudula chinansi n'kuuluka. Tikamapita timatenga kutentha kwake, otsala n'kuzizira. Thukuta pamphumi limagwira ntchito yomweyo. Mudzi uliwonse umene achinyamata ake amphamvu anakwera basi ya ku Joni umadziwa kuzizira kwa mtundu umenewu, ndipo sindidziwa ngati tikutche mpumulo kapena chisanu.

Koma ochokawo ali ndi ntchito ina imene ndinaimva mochedwa. Pampu yoyamwa madzi kuchokera pamwamba singawakweze kupitirira mamita 10 kapena pamenepo. Mitengo ya redwood ya ku California imapitirira mamita 100, ndipo masamba a kunsonga amamwa tsiku lililonse, popanda injini, popanda mtima wopopa. Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin anafotokoza chinsinsi chake mu 1894. M'timitsempha ta mtengo madzi amakhala ngati ulusi wosaduka, kuyambira kumizu mpaka kutsamba, kamolekyu kagwira kanzake, kanzakeko kagwira kena. Dzuwa likawomba tsamba, kamolekyu ka kumapeto kamauluka. Pochoka kamakoka kotsatira, ako n'kukoka kena, ndipo kukokako kumatsika thunthu lonse mpaka kukafika m'dothi, kumene muzu umayamwa dontho latsopano. Bulugamu wa kuseri kwa tchalitchi akuchita zomwezo pompano, mtengo wa mango umene tinkathyola tili ana ukuchitanso. Madzi ambiri amene mtengo umamwa sukhala nawo, amangodutsa n'kupita kumwamba. Kamene kali kunsonga kwa tsamba, katsala pang'ono kukhala kokha mumlengalenga, ndiko kakukweza anzake onse, ndipo kakangochoka kena kafika kale pamalo pake.